Kusonkhanitsa Matebulo a Ziwerengero Ndi Ntchito ya Chikumbumtima

Pakati pa ntchito zonse zimene zimagwiridwa m'maofesi a mzinda wathu wa Lusaka, kuyambira m'nyumba zosanjikizana za mu Cairo Road kufikira m'tizipinda ta kuseri kwa masitolo a ku Kamwala, palibe imene imanyozeka ndi kuiwalika koposa ntchito yosonkhanitsa matebulo a ziwerengero ochokera kosiyanasiyana kuti akhale tebulo limodzi. Ndipo palibenso ntchito ina imene cholakwa chake chimabisala mwakachetechete chotere, n'kukawononga kutali kumene wolakwayo sadzafikako. Nduna ikaimirira kulengeza chiwerengero, atolankhani amalemba, ife timawerenga, ena n'kukondwa, ena n'kupukusa mitu. Koma ndani mwa ife anayamba wafunsapo kuti chiwerengerocho, chisanafike pakamwa pa nduna, chinadutsa m'manja angati, chinachokera m'mafayilo angati, ndipo anachilumikiza ndani, pa ola lanji, ali wotopa motani? Ine ndikunena kuti ntchito imeneyi iyenera kuchotsedwa m'manja mwa kutopa ndi kuiwala, iperekedwe ku malamulo olembedwa m'chinenero cha kompyuta. Ndipo ndikunenanso kuti njira imene ili yofulumira pa ntchitoyi, ikatsatidwa mwa dongosolo lake, ndiyo yomweyo imene ili yokhulupirika.

Taganizani za kalembera wa chaka cha 2022, woyamba m'dziko muno kulembedwa pa timakina ta m'manja m'malo mwa mapepala. Pamene bungwe la Zambia Statistics Agency, limene likulu lake lili mu Nationalist Road, linatiuza kuti tilipo anthu oposa 19.6 miliyoni, pomwe mu 2010 tinali ongopitirira 13 miliyoni, chiwerengero chimenecho sichinatsike kumwamba chili chathunthu. Chinabadwa m'zolemba za alembi zikwizikwi amene anayenda khomo ndi khomo m'zigawo 10 ndi m'maboma 116, ndipo zolemba zonsezo zinayenera kukumana pamalo amodzi popanda banja lotayika kapena lowerengedwa kawiri. Mwezi ndi mwezi bungwe lomwelo limatolera mitengo ya thumba la ufa la makilogalamu 25, ya tini ya chimanga, ya kapenta ndi ya makala, kuti litiuze mmene mitengo yakwerera. A Jesuit Centre for Theological Reflection nawo amatolera mitengo ya zofunika za banja m'mizinda yosiyanasiyana. Zipatala zazing'ono za ku Kabwata ndi ku Chelstone zimatumiza malipoti a odwala kwa akuluakulu a zaumoyo. Kulikonse kumene boma, mpingo kapena wamalonda afuna kudziwa choonadi cha zinthu zambiri, pakati pa njira pamakhala munthu wina wosatchulidwa dzina, atakhala pampando, akulumikiza matebulo.

Ndakhala ndikuiona ntchito imeneyi pafupi ku Kamwala, kumene amalonda a ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke amatsikira m'mabasi m'bandakucha kudzapikula zitenje, mabulangete, nsapato ndi ziwiya. Mwini sitolo wina ali ndi sitolo yaikulu ku Kamwala ndi nthambi ziwiri, ina ku Chelstone, ina ku Kabwata, ndipo sitolo iliyonse imatumiza fayilo yake ya zogulitsa pakutha pa mwezi. Pakutha pa chaka mafayilo ali 36. Mtsikana wosunga mabuku amatsegula fayilo yoyamba, amasankha mizere yonse, amaikopera, amakaiika pansi pa tebulo lalikulu, amatseka, amatsegula yachiwiri, ndipo amatero kufikira maso atafiira. Mwini sitolo amasuzumira pakhomo nati, “Mwanawe, kodi zatha? Mawa ndikufuna kupita nazo kubanki.” Iye amayankha mwaulemu kuti, “Zatsala pang'ono, bambo,” ndipo m'kamphindi komweko kotembenuka kuyankha, waiwala ngati fayilo ya Julayi ya ku Chelstone waiika kale kapena ayi. Akaiika kawiri, chaka chimaoneka cha phindu. Akaidumpha, wogulitsa wa ku Chelstone amaoneka ngati wakuba. Tebulo limatuluka laudongo, mizere yake yoongoka, chiwerengero cha pansi cholembedwa mochindikala, ndipo palibe chizindikiro chilichonse chakuti china chake chalakwika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu asayese kuti tsoka limeneli ndi la masitolo ang'onoang'ono kapena la maiko osauka okha. Ku England, m'chaka cha 2020, pamene mliri wa korona unali pachimake, bungwe la Public Health England linkalandira mafayilo a zotsatira za kuyeza kuchokera ku malabotale ambiri, n'kumawasonkhanitsa m'mtundu wakale wa fayilo ya Excel umene sungasunge mizere yoposa 65,536. Mafayilo atadzaza, mizere yotsala inangotayika popanda kulira belu lililonse, kotero kuti pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala anthu 15,841 amene anapezeka ndi kachilomboko sanawerengedwe pa nthawi yake, ndipo amene anakhudzana nawo anachedwa kuchenjezedwa. Kumeneko kunali madokotala ophunzira, ndalama zochuluka ndi makina atsopano. Chimene chinawagwetsa chinali ntchito yomwe ija ya pampando, ya kulumikiza matebulo. Ngakhale Excel ya masiku ano ili ndi malire ake, pakuti tsamba limodzi limathera pa mizere 1,048,576, chiwerengero chimene sichikwanira n'komwe kulembamo anthu a mu Lusaka yekha, mzere umodzi munthu mmodzi.

Chipangizo chotiwombola ku ntchito ya manjayi chilipo, ndipo n'chaulere. Chinenero cha R, chimene akatswiri a ziwerengero amagwiritsa ntchito padziko lonse, chinayambidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 ndi aphunzitsi awiri a pa Yunivesite ya Auckland ku New Zealand, a Ross Ihaka ndi a Robert Gentleman, ndipo chinatuluka chokhwima, chotchedwa 1.0.0, pa 29 Febuluwale 2000. Pamene mapulogalamu ena monga SPSS ndi Stata amafuna chiphaso chogula ndi ndalama zakunja, R amatengedwa pa intaneti popanda kulipira ngwee, ndipo wophunzira wa ku Evelyn Hone College kapena wa ku Yunivesite ya Zambia angathe kumuika pa laputopu yake yakale madzulo ano. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anatero makolo. Koma kalumo kakuthwa kamafuna dzanja lophunzitsidwa, ndipo pano ndi pamene ndifuna kuchedwapo, pakuti ngakhale m'kati mwa R muli njira ziwiri, ina yotakata imene ambiri amayamba nayo, ina yoongoka imene ochepa amaonetsedwa.

Njira yotakata ndiyo imene nzeru ya munthu imafikapo yokha. Wophunzira amaganiza motere: ndiyambe ndi tebulo lopanda kanthu, ndiwerenge fayilo yoyamba, ndiimamatize pansi pake ndi lamulo lotchedwa rbind, ndiwerenge yachiwiri, ndiimamatizenso, ndipo kompyuta ibwereze motero kufikira mafayilo atatha. Ndi mafayilo khumi ntchito imayenda bwino, ndipo wophunzira amadziyesa katswiri. Ndi mafayilo mazana angapo kompyuta imayamba kutentha, kachokupizira mphepo kake kamalira, ndipo ntchito imene inayamba mwamphamvu imanka ichedwerachedwera, fayilo iliyonse yotsatira ikutenga nthawi yoposa inzake yapitayo. Chifukwa chake n'chakuti R sawonjezera mizere pansi pa tebulo limene lilipo kale. Nthawi iliyonse akauzidwa kumamatiza, amapatula malo atsopano okulirapo m'memory ya kompyuta, nakopera m'menemo mizere yonse yakale pamodzi ndi yatsopano, n'kusiya tebulo lakale kuti lidzasesedwe. Zili ngati mnyamata wa wilibala wa ku Kamwala, wa aja timawatcha a Zamcab, amene, pofuna kunyamula mabelo a wamalonda, amati akapatsidwa belo latsopano, amakabwereka wilibala yokulirapo, natsitsa mabelo onse a m'wilibala yoyamba, nawakweza m'yachiwiri, ndipo belo lina likabwera amateronso. Basi ya ku Chipata idzanyamuka iye akadali kutsitsa ndi kukweza katundu yemweyo.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo aliyense angawayese papepala. Tinene kuti boma lililonse mwa maboma athu 116 latumiza fayilo imodzi, ndipo onse ndi ofanana kukula. Pa ulendo woyamba kompyuta imakopera fayilo imodzi, pa wachiwiri awiri, pa wachitatu atatu, kufikira pa womaliza pamene imakopera onse 116. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti yanyamula katundu wokwana mafayilo 6,786, pomwe katundu weniweni ndi mafayilo 116 okha. Mafayilo akakhala 1,000, monga angakhalire ngati zipatala zazing'ono zitatumiza chilichonse yake, katundu wonyamulidwa amakwana mafayilo 500,500. Taonani kuti mafayilo akachuluka kakhumi, ntchito imachuluka pafupifupi ka 100. Ndicho chifukwa chake cholakwa chimenechi sichioneka m'kalasi, kumene zitsanzo zimakhala zazing'ono, koma chimadzaonekera ku ofesi, pa tsiku limene lipoti likufunidwa. Katswiri wina, a Patrick Burns, m'buku lawo lotchedwa The R Inferno, limene analisanja motsanzira magawo a kumalo a chilango, anaika chizolowezi chokulitsa tebulo pang'onopang'ono chimenechi m'gawo lachiwiri. Ndipo amene anayamba wadikira kompyuta yake usiku wonse sadzanena kuti anawonjeza.

Njira yoongoka ndi iyi: sonkhanitsani zonse poyamba, mulumikize kamodzi. Lamulo lotchedwa list.files limatchula maina a mafayilo onse amene ali m'foda, kotero kuti palibe yodumphidwa kapena yotengedwa kawiri. Lamulo lotchedwa lapply limatenga mainawo limodzilimodzi, n'kuwerenga fayilo iliyonse ndi read.csv kapena ndi fread, n'kuika tebulo lililonse pa malo akeake m'mndandanda, osalikhudzitsa ndi linzake. Pokhapokha zonse zitawerengedwa ndi pamene lamulo limodzi limalumikiza mndandanda wonse. Lamulo limenelo lingakhale do.call pamodzi ndi rbind, zimene zili kale mu R. Lingakhale rbindlist wa m'phukusi la data.table, limene anayambitsa a Matt Dowle, ndipo rbindlist ameneyu ndi wothamanga kwambiri pakuti amayamba wawerenga kukula kwa matebulo onse, napatula malo okwanira kamodzi, nadzazamo. Lingakhalenso bind_rows wa m'phukusi la dplyr la a Hadley Wickham, limene linatuluka mu 2014. Zonsezi ndi mizere itatu kapena inayi ya kulemba, yosakwana n'komwe kudzaza chikhatho, koma imasenza ntchito imene mtsikana wa ku Kamwala uja amathera masiku. Ndipo chaka chamawa, mafayilo ena 36 akadzabwera, mizere yomweyo idzagwiranso ntchito popanda kusintha chilembo.

Wina angafunse kuti, kodi kufulumira kumeneku kuli ndi phindu lanji kwa ife, anthu amene tinazolowera kudikira pamzere? Yankho lake tonse tinaliona m'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi n'kumazima maola ochuluka tsiku lililonse, ku Woodlands ndi ku Kabulonga chimodzimodzi ndi ku Kabwata. Munthu amene magetsi amamufikira kwa maola owerengeka, nthawi zina pakati pa usiku, ndipo batire ya laputopu yake inafooka kalekale, sangakwanitse ntchito ya maola asanu imene ikanatheka m'mphindi imodzi. Makompyuta ambiri a m'maofesi mwathu ndi ogula kwa ena, a memory yochepa, ndipo njira yokoperakopera ija imawatsamwitsa msanga kuposa makina a kumaiko olemera. Kotero kusamala ntchito ya makina n'kofunika kwa ife koposa kwa iwo. Tikumbukenso mliri wa kolera umene unabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandulika chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale 2024, ndipo anthu mazanamazana anatisiya. Pa nthawi yotere malipoti a tsiku ndi tsiku ochokera m'zipatala ayenera kukhala tebulo limodzi dzuwa lisanakwere, kuti odziwa aone komboni imene matenda akukula, natumizeko madzi abwino, mankhwala ndi anamwino. Pamenepo maola otayika pa kulumikiza matebulo amalipiridwa ndi moyo wa anthu.

Komatu fulumira anadya gaga, ndipo ndikadakhala wonyenga ndikadasiyira nkhani pa liwiro lokha. Kompyuta imalumikiza zolakwika mofulumira monga momwe imalumikizira zolondola, ndipo pali zinthu zingapo zimene wolumikiza ayenera kuzisunga mumtima. Choyamba ndi maina a madanga. Sitolo ya ku Kamwala ingalembe danga la mtengo patsogolo ndi la kuchuluka kwa katundu pambuyo, pomwe ya ku Chelstone yawasinthanitsa. Wolumikiza motsatira malo a madanga adzaika mitengo pansi pa kuchuluka, ndipo sitolo idzaoneka kuti inagulitsa mabulangete 350 pa mtengo wa K2 pomwe inagulitsa awiri pa K350. Chifukwa chake rbindlist ayenera kuuzidwa momveka, ndi mawu akuti use.names, kuti atsate maina. Palinso mawu akuti fill, amene amalola kulumikiza matebulo a madanga osafanana, n'kusiya mipata yopanda kanthu pamene danga likusowa. Ndipo bind_rows amachita zimenezi mosapemphedwa. Chifundo chimenechi n'chothandiza, koma chimabisanso tchimo: wina akalemba dzina la danga ndi chilembo chachikulu, mnzake ndi chaching'ono, tebulo lomaliza lidzakhala ndi madanga awiri a chinthu chimodzi, lililonse lodzaza theka, ndipo wophatikiza danga limodzi adzalengeza theka la choonadi.

Chachiwiri n'chakuti mzere uliwonse uzinyamula dzina la kwawo. Polumikiza, rbindlist ali ndi idcol, ndipo bind_rows ali ndi .id, zimene zimawonjezera danga losonyeza fayilo imene mzere uliwonse unachokera. Mtengo wake ndi wochepa, koma phindu lake n'lalikulu, pakuti tsiku limene chiwerengero chidzakayikitsa, wofufuza adzatha kuchilondola kufikira ku sitolo, ku chipatala kapena ku boma kumene chinabadwira, m'malo moimba mlandu onse kapena kukhululukira onse. Chachitatu ndi mtundu wa zolembedwa. Manambala athu a foni amayamba ndi ziro, monga 097, 096 ndi 095. Kompyuta ikawayesa manambala owerengera, imataya ziro wa patsogoloyo, pakuti m'masamu alibe ntchito, ndipo fayilo ina ikawasunga monga malemba, nambala imodzi imasanduka anthu awiri osadziwana. Masiku nawo ali ndi msampha wawo: wina akalemba 03/04 akutanthauza 3 Epulo, pomwe pulogalamu yokonzedwa mwa Chimereka imawerenga 4 Malichi. Wanzeru amauza kompyuta pa nthawi yowerenga fayilo kuti danga lakuti ndi malemba, lakuti ndi tsiku, lakuti ndi ndalama, osaisiya kuti ilote yokha.

Chachinayi, ndipo ichi palibe kompyuta imene ingachidziwe popanda munthu, ndi mbiri ya dziko. Pa 1 Januwale 2013 ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, K1,000 yakale n'kukhala K1 yatsopano. Chotero katundu wolembedwa 50,000 mu Disembala 2012 analembedwa 50 mwezi wotsatira. Wolumikiza mitengo ya zaka khumi ndi zisanu popanda kukumbukira zimenezi adzapeza kuti zinthu zinatsika mtengo modabwitsa m'usiku umodzi, ndipo mlendo wowerenga tebulo lake adzakhulupirira. Malire nawonso amayenda. Pa kalembera wa 2010 tinali ndi zigawo 9 ndi maboma 72. Chigawo cha Muchinga chinakhazikitsidwa mu 2011, ndipo boma la Chama, limene linali m'chigawo cha Kum'mawa, linaikidwa m'chigawo chatsopanocho, kenaka linabwezedwa Kum'mawa mu 2021. Wosanjikiza matebulo a zigawo a zaka zimenezi mosadziwa adzaona anthu a Kum'mawa akuchepa mwadzidzidzi n'kudzachulukanso mwadzidzidzi, pomwe anthu a ku Chama sanasamuke ngakhale phazi limodzi. Apa ndi pamene mwana wa dziko lino amaposera katswiri wobwera ndi ndege, ndipo ndi chifukwa china chimene ndikufunira kuti luso limeneli likhale m'manja mwa ana athu.

Palinso kulumikiza kwa mtundu wina, kwa cham'mbali, pamene tebulo la odwala lifuna kukumana ndi tebulo la mankhwala amene analandira, kapena la ogula ndi la ngongole zawo. Ntchito imeneyi amaigwira malamulo monga merge ndi left_join, ndipo imadalira danga limodzi lopezeka m'matebulo onse awiri. Wolumikiza ndi maina a anthu walowa m'thengo, pakuti a Phiri, a Banda ndi a Tembo m'dziko muno ndi osawerengeka, ndipo dzina limodzi likapezeka katatu uku ndi kanayi uko, kompyuta imabala mizere 12, n'kusenzetsa munthu ngongole za anzake. Pafunika nambala yosabwerezeka, monga ya chitupa cha NRC kapena ya khadi la kuchipatala, ndipo nayonso iyesedwe ngati ilidi yosabwerezeka. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo limodzi losavuta limene likadapulumutsa ngakhale a ku England aja: werengani mizere musanalumikize, muwerengenso mutalumikiza. Ngati mafayilo onse pamodzi anali ndi mizere yakutiyakuti, tebulo losanjikizidwa likhale ndi yomweyo, osachepa, osachuluka. Ndipo chikalata cha malamulo chilembedwe motero kuti ziwerengero ziwirizi zikasiyana, ntchito iime ndi kufuula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa zimene otsutsa adzanena, ndipo sindizipeputsa. Adzati malamulo amenewa ali m'Chingerezi chovuta, antchito athu anazolowera Excel, ndipo palibe nthawi yobwerera kusukulu. Ndivomereza kuti munthu wokhala ndi matebulo awiri aang'ono, amene adzawalumikiza kamodzi kokha m'moyo wake, alibe chifukwa chophunzirira chinenero chatsopano. Manja ake amukwanira. Ndivomerezanso kuti R si njira yokhayo, pakuti Python, Stata, ngakhale Excel yomweyo kudzera mu Power Query, zonse zili ndi njira yosonkhanitsira mafayilo a m'foda imodzi, ndipo mfundo ya kusonkhanitsa poyamba ndi kulumikiza kamodzi imagwira ntchito monsemo. Koma pa za kuvuta ndikana. Malamulo amene ndatchula m'nkhani ino sakwana makumi awiri, ndipo mtsikana amene amasunga m'mutu mitengo ya zitenje za mitundu makumimakumi, nawerengera chenji mofulumira kuposa makina, sangalephere kuwaphunzira m'masabata owerengeka ngati wapeza womuonetsa. Ndipo pa za nthawi, amene akunena kuti alibe masiku ochepa ophunzirira ndi yemweyo amene amataya masiku mwezi uliwonse pa kukopera ndi kumata, chaka ndi chaka, kufikira atapuma pa ntchito.

Phindu loposa onse, limene liwiro ndi mthenga wake chabe, n'lakuti chikalata cha malamulo chimakhala mboni. Ntchito ya manja ikatha imafafanizika. Palibe angauze, ngakhale mwini wake, kuti anatsegula fayilo iti poyamba, anachotsa mzere uti, anakonza nambala iti ndi chifukwa chanji. Koma malamulo olembedwa amakhalapo, ndipo mnzake wa mu ofesi, wowerengera chuma, kapena wolowa m'malo mwake patapita zaka zisanu angawatsegule, nawawerenga mzere ndi mzere, nawayendetsanso pa mafayilo omwewo, napeza yankho lomwelo kapena kuonetsa pamene panakhota. Izi zimateteza mwini sitolo kwa wantchito wachinyengo, ndipo zimatetezanso wantchito wolungama kwa bwana wokayikira, pakuti amene ananenezedwa kuti wasokoneza mabuku ali ndi chomuikira umboni. Pa nkhani za dziko phindu lake n'lokulirapo: chiwerengero chimene njira yake ingaonedwe ndi kubwerezedwa chimathetsa mikangano, pomwe chiwerengero chobadwira m'mdima chimaibala, ngakhale chitakhala cholondola.

Chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite athu, amene amaphunzitsa za ziwerengero, za chuma, za umoyo ndi za kasungidwe ka mabuku, kuti asamapatse ophunzira tebulo limodzi lotsukidwa kale, koma awapatse foda ya mafayilo 100 osokonekera monga amakhalira kuntchito, madanga osinthana, maziro otayika, ndalama zakale ndi zatsopano, nawaphunzitse kuwasandutsa tebulo limodzi loona. Ndikupempha akuluakulu a maofesi, a boma ndi a mabungwe omwe, kuti agwirizane ndi nthambi zawo pa maina a madanga ndi kalembedwe ka masiku asanatumize fomu ngakhale imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo wolumikiza sangakonze yekha zimene anthu makumi asanu anasokoneza. Asungenso zikalata za malamulo monga chuma cha ofesi, chosachoka ndi munthu pa tsiku lotsanzika. Ndikupempha mabungwe otulutsa ziwerengero kuti pambali pa malipoti osindikizidwa aziperekanso matebulo m'mafayilo amene kompyuta ingawerenge, pamodzi ndi kalozera wosonyeza boma lililonse latsopano ndi boma limene linadulidwako.

Ndipo kwa inu achinyamata amene mwakhala pampando umenewu lero, m'sitolo, m'chipatala kapena mu ofesi ya boma, musaiyese ntchito yanu yaing'ono chifukwa chakuti palibe akuiyamika. Pa tebulo limene mukulumikizalo wina adzakongola ndalama kapena kukanizidwa, wina adzachotsedwa ntchito kapena kukwezedwa, komboni ina idzalandira madzi, ina idzadikira. Phunzirani kusonkhanitsa mafayilo onse musanalumikize, lumikizani kamodzi motsata maina, lembani kumene mzere uliwonse wachokera, werengani mizere kuchiyambi ndi kumapeto, ndipo zonsezi zikhale zolembedwa kuti wina adzathe kukuyesani. Bwana akadzafunsa kuti chiwerengerochi mwachipeza bwanji, mudzamutsegulira chikalatacho ndi kumupempha kuti achiyendetse yekha.